Kaduwa ka pakhomo pa amai aang'ono

Munali mu October, dzuwa lija lakuti ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama kukamwa, pamene bambo wina anafika ku wailesi kwathu atavala jekete ndi tayi. Ndinali ndekha kutsogolo, ndikukonza mauthenga a malilo ndi a ng'ombe zosowa oti ndiwelenge madzulo. Ndiyo nchito yanga yambili imeneyo. Malipilo palibe, koma mau anga amadziwika kucokela pa boma pa Chadiza mpaka kumidzi ya kwa Mlolo ndi kwa Zingalume. Bamboyo anatsegula cikwama, naika pa tebulo mabotolo anai a madzi obiliwila modela, ndi pepala limodzi lokutila pulasitiki. Anafuna kuti tizilengeza mankhwala ake katatu pa tsiku kwa mwezi wathunthu. Ndalama anali nazo m'thumba.

"Asisi, awa si mankhwala wamba iyai," anatelo. "Anayesedwa ku labu. Welengani nokha."

Pepalalo linali la Cizungu, locotsa pa intaneti, lili ndi mzele wotsetseleka ngati njila ya pa phili. Linanena kuti madzi ofinya ku masamba a mtengo wina anathilidwa pa maselo a khansa m'kambale, ndipo maselowo analeka kuculukana. Bodza sindinalione pa pepalalo, ndipo mpaka lelo sindiganiza kuti linali labodza. Cimene cinandivuta ndi zimene zinalembedwa pa botolo: limacilitsa khansa, shuga, BP ndi kusabeleka, masupuni awili m'mawa ndi madzulo.

Mwezi umenewo magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku, jenileta ikumwa mafuta ngati ili ndi ludzu la caka, ndipo m'bokosi la ndalama la wailesi munali mphepo yokha. Kunyumba nako, amai anga aang'ono, ang'ono ao a amai ondibala, anali gone pa mphasa mutu uli mbee, atanena kale kuti ku Lusaka sabwelelakonso.

Matenda ao anayamba ngati mwanabele m'khosi. Sunali kuwawa, ndiye anaunyalanyaza miyezi ingapo, mpaka citenje cinayamba kuzungulila kawili m'ciuno, ndipo usiku anali kudzuka zovala zili nyowee ndi thukuta. Ku Chipata anadula kacidutswa ka cotupaco kukapima, ndipo yankho linati ndi khansa ya m'mwanabele, imene madokotala amaicha lymphoma. Anawatumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, kumene anawalembela kemo maulendo 6, ulendo uliwonse pakapita masiku 21. Inu a mu tauni mukamva "ku Lusaka" mumaganiza minibasi imodzi. Kwa ife ndi kulawila mbandakuca kupita ku Chipata, kukwela basi yaikulu, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kuwoloka mlatho wa Luangwa, makilomita opitilila 550, kukatsika pa Intercity miyendo itatupa, ndi kukagona pansi pa sitingi lumu kwa msuweni ku Mtendere.

Atabwelako ulendo wacitatu, cotupa cinali citaphwa, osaonekanso olo pang'ono. Koma tsitsi linali litathothoka lonse, m'kamwa munali zilonda zakuti nsima inali kuwalasa ngati minga, ndipo nsonga za zala zinali dzanzi.

"Cotupa cinatha, mwanangu," anandiuza. "Manje ndipitilenji kukadziphetsa? Mankhwala aja ndi poizoni. Nesi amene amabaya amavala magolovesi awili, iwe uganiza n'cifukwa ciani?"

Ndinalibe coyankha. Ndipo anansi anali atawauza kale za mabotolo obiliwila aja.

Usiku umenewo ndinajambula pepala la bambo uja n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnzanga wa ku sekondale, amene anaphunzila za labu ku Ridgeway ndipo amagwila nchito ku Lusaka. Anandibwezela voisi noti yaifupi, akuseka: "Iwe, Jik nayo imapha maselo a khansa m'kambale. Madzi owila naonso amapha. Mcele ukaculuka umapha. Ukamwetse amai ako Jik?" Kenako analeka kuseka, ndipo kwa mlungu wathunthu anali kundiphunzitsa usiku ulionse netiweki ikalola. Zina ndinakawelenga ndekha. Ndine wa satifiketi ya utolankhani cabe, koma nchito ya pa wailesi inandiphunzitsa kuti cinthu ukacimvetsa uyenela kukwanitsa kucifotokozela agogo ako. Ndiye lekani ndiyese.

Thupi lonse ndi lomangidwa ndi maselo, tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. Asayansi anaphunzila kucotsa maselo m'thupi la munthu kapena la nyama ndi kuwaweta kunja, m'mabotolo a pulasitiki ogona cammbali. Amawathila madzi ofiilila muli shuga, mcele, mavitamini ndi madzi a m'magazi a thole la ng'ombe, n'kuwaika m'kabati yofunda madigili 37, kutentha kwa thupi la munthu. Amene munaonako makina oswetsa mazila a nkhuku, ndi cimodzimodzi. Maselowo amamatilila pansi pa botolo, nayamba kugawikana: imodzi kukhala awili, awili kukhala anai. Akadya cakudya cao madzi aja amasanduka acikasu, ndipo woweta amadziwa kuti yakwana nthawi yosintha. Maselo abwino akadzaza pansi ponse n'kukhudzana, amaleka okha kuculukana, monga anthu aulemu pa mphasa. A khansa alibe ulemu umenewo. Amangokwelana pamwamba.

Maselo oyamba a munthu amene anapitiliza kuculukana m'botolo osafa anacokela kwa mai wina wakuda wa ku America, Henrietta Lacks, amene anakulila pa munda wa fodya ku Virginia. Nditawelenga zimenezo ndinaima kaye, cifukwa azimai olima fodya ine ndimawadziwa, manja ao ndimawadziwa. Mu 1951 anapita ku cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore ndi khansa ya khomo la cibelekelo. Anamudula kacidutswa osamupempha, ndipo wasayansi George Gey anakaweta. Maiyo anamwalila caka comweco ali ndi zaka 31, nasiya ana asanu. Maselo ake, ochedwa HeLa, akali kugawikana m'malabu a dziko lonse mpaka lelo, pafupifupi kamodzi pa tsiku, ndipo a kubanja kwake anadzadziwa patapita zaka zoposa 20. Khansa imene inamupha ndi yomweyi imene ikutha azimai kuno kwathu, imene atsikana akulandilila katemela wa HPV m'masukulu kuyambila 2019. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Manje wasayansi akafuna kuyesa mankhwala, amatenga kathileyi ka pulasitiki kokhala ndi timaenje 96, ngati bawo yaing'ono kwambili. M'kaenje kalikonse amaikamo maselo ofanana ciwelengelo. Ena amawasiya osathila kanthu, ena amathila mankhwala pang'ono, ena oculukilapo, mpaka kumapeto. Pakapita masiku awili kapena atatu amathila utoto wacikasu umene maselo amoyo amausandutsa wapepo. Kaenje kakada kwambili ndiye kuti maselo ali moyo, kakakhala kotuwa ndiye kuti afa kapena aleka kuculukana. Makina amapima mtunduwo, ndipo mpamene pamacokela mzele wotsetseleka uja ndinauona pa pepala la bambo wa tayi. Funso lalikulu la wasayansi si lakuti "kodi apha?" iyai, pakuti ciliconse ukaculutsa cimapha. Amafunsa kuti: pafunika mankhwala oculuka bwanji kuti maselo acepe ndi theka? Nanga mlingo womwewo ukathilidwa pa maselo abwino, iwo apulumuka?

Apa mpamene nkhani inandikoma, cifukwa ndinapita kukatenga khadi la amai aang'ono n'kuyamba kufufuza maina anai amene analembedwapo.

Selo isanagawikane imacita zinthu ziwili zazikulu. Coyamba imakopela buku lake lonse la malangizo, limene amati DNA, kuti ana awiliwo aliyense akhale ndi lake. Bukulo mwa munthu lili m'mitolo 46. Caciwili, imafola mitoloyo pakati, ndi kuluka tizingwe tocokela mbali ziwili, kuti tikoke theka uku, theka uko, monga mmene abale amagawanila mbuzi za malemu, yense kukoka zake ndi cingwe. Ikatelo imadzimanga m'ciuno n'kuduka pawili. Mankhwala a kemo ambili amalowelela pa imodzi mwa nchito ziwilizi.

Dzina loyamba pa khadi linali cyclophosphamide. Ameneyu amamata masamba a buku lija kuti asatseguke, ndiye selo ikafuna kukopela imalephela, ndipo ikaona kuti buku laonongeka kwambili imadzipha yokha. Inde, maselo ali ndi njila yodziphela, ndipo thupi limaigwilitsa nchito tsiku lililonse. Cimene cinandidabwitsa n'cakuti mankhwala amenewa ukawathila m'kambale sacita kanthu kwenikweni. Afunika adutse kaye m'ciwindi, ciwindi ciwasinthe, mpamene amakhala akuthwa. Ndiye kambale kamanama mbali zonse ziwili: kangatamande cinthu copanda pake, kanganyozenso mankhwala enieni.

Laciwili linali doxorubicin, ofiila aja amene amai aang'ono anali kuwaopa kwambili cifukwa tsiku lobaila mkodzo unali kutuluka wofiila. Sanali magazi, unali mtundu wa mankhwalawo. Anacokela ku tizilombo ta m'dothi la ku Italy. Amadziloweka pakati pa mizele ya DNA, nasokoneza kanyamata kamene nchito yake ndi kudula ndi kulumikiza ulusi ukapotana, mwakuti kamadula koma osalumikizanso. Lacitatu linali mapilitsi a prednisolone, amene amafooketsa maselo a mtundu wa mwanabele, ndipo ndi amene anali kuwapatsa njala ya usiku ndi kuwasowetsa tulo.

Lacinai linali vincristine. Ameneyu sakhudza buku. Amapita pa tizingwe tija. Tizingweto timalukidwa ndi tinjelwa ting'onoting'ono tolumikizana, ndipo nthawi zonse timatalika ndi kufupika, ndi mmene timagwilila mitolo ndi kuikoka. Vincristine amakakamila ku tinjelwato kuti tisalumikizane. Selo imafola mitolo yake bwinobwino, kudikila cingwe, cingwe osabwela. Siingapite patsogolo, siingabwelele m'mbuyo. Mnzanga ananditumizila cithunzi ca pa maikulosikopu: maselo amene anali otambalala pansi onse atasanduka timipila tozungulila, ataima pakati pa ulendo, kudikila imfa. Ndinaciyang'ana nthawi yaitali cithunzi cimeneco.

Ndiye ndinafufuza kumene vincristine amacokela, ndipo cithunzi cimene cinatuluka pa foni cinandidzidzimutsa. Kanali kaduwa kaja ka masamba onyezimila ndi maluwa a mapeto asanu, ena apinki ena oyela, kamene kamamela pa sukulu iliyonse, pa chalichi, kumanda, m'matayala akale pa makhonde. Azungu amati Madagascar periwinkle, pakuti kwao kweni-kweni ndi ku cilumba ca Madagascar. Pakhomo pa amai aang'ono kaliko, m'mbali mwa sitepe, kumene amatayila madzi otsukila mbale. Mbuzi sizikadya.

Mbili yake ndi iyi. Ku Jamaica anthu anali kumwa tiyi wa masamba ake pofuna kucepetsa shuga. M'zaka za m'ma 1950 masamba ocepa anatumizidwa mu envulopu ku Canada, nafika kwa dokotala Robert Noble wa pa yunivesite ya Western Ontario. Anamwetsa nyama za mu labu, shuga sanatsike. Atabaya madzi ake mu makoswe, makoswewo anayamba kufa ndi matenda wamba, ndipo atapima anapeza kuti maselo oyela a m'magazi, asilikali a thupi, atha. Munthu wina akanataya zonse n'kunena kuti zakanika. Iye anaganiza kuti: ngati cinthu ici cimaletsa maselo oyela kuculukana, nanga khansa ya m'magazi, imene ili kuculukana kwa maselo oyela omwewo? Pamodzi ndi katswili wa zosakaniza Charles Beer anasefa-sefa mpaka mu 1958 anapatula vinblastine. A kampani ya Eli Lilly anapatula m'bale wake vincristine, amene analoledwa kugwilitsidwa nchito mu 1963, ndipo mpaka lelo ndi msana wa mankhwala a khansa ya m'magazi ya ana ndi ya Burkitt, ija yotupitsa nsagwada za ana kuno ku Africa.

Ndiye anthu a ku Jamaica sanali opusa. Anaona kuti comelaci cili ndi mphamvu. Analakwitsa cabe matenda ake. Ine sindili m'gulu la onyoza zitsamba. Agogo anga anandicilitsa m'mimba kambili ndi mizu imene dzina lake sindinalisunge, ndipo ndimadandaula kuti sindinalembe. Koma kucoka pa "comela ici cili ndi mphamvu" kufika pa "imwani masupuni awili" pali mtunda wotalika kuposa wa Chadiza ndi Lusaka. Pambuyo pa kambale pamabwela mbewa za mu labu, cifukwa kambale kalibe ciwindi cophwanya mankhwala, kalibe impso zowataya, kalibe mtima woti uonongeke. Pambuyo pa mbewa pamabwela anthu ocepa odzipeleka, kuti apeze mlingo umene munthu angapilile. Kenako anthu mazana, kuyelekezela ndi mankhwala amene alipo kale. Zambili zimene zimawala m'kambale zimafela m'njila. Makungwa a mtengo wa yew ku America anatengedwa mu 1962, koma paclitaxel wocokela mmenemo analoledwa mu 1992, zaka 30. (Ameneyu amacita zosiyana ndi vincristine: amaumitsa tizingwe tija kuti tisamasuke, koma mapeto ake ndi amodzi, selo imaima pakati.) Ndipo ku South Africa kuli mtengo wochedwa Combretum caffrum, wa banja limodzi ndi mitengo ina ya m'chile mwathu muno, umene George Pettit wa ku Arizona anapezamo combretastatin m'zaka za m'ma 1980. M'kambale ndi cilombo. Wayesedwa pa anthu kwa zaka zambili, koma sanafikebe pokhala mankhwala a tsiku ndi tsiku m'zipatala.

Loweluka ndinapita kwa amai aang'ono, ndinathyola kaduwa kamodzi pa sitepe, n'kukhala pambali pao pa mphasa.

"Amai, mwa mankhwala anai aja amakubayani, amodzi amacokela umu."

Anakatenga, kukatembenuza, kundiyang'ana ngati ndapenga. Kenako anaseka mpaka zilonda za m'kamwa zinawawa. "Ndiye ndakhala ndikugulitsa nshawa zanga kulipila basi, kukalandila maluwa a pakhomo panga? Bwela nayo poto tiphike."

Ndinadziwa kuti adzatelo, ndipo ndinali nditakonzeka. Ndinawauza kuti kuti apeze galamu imodzi yokha pafunika masamba ouma makilogalamu mazana-mazana, matumba odzaza ngolo zingapo. Kuti m'masamba omwewo muli mitundu ina ya mankhwala yoposa 100 imene sitikuifuna. Kuti akamwa, m'mimba salowa bwino, n'cifukwa cake amabaya mu mtsempha. Kuti mlingo wa munthu wamkulu supitilila mamiligalamu awili pa ulendo, tinthu tocepa kuposa mcele wotsina ndi zala, ndipo n'cifukwa cake nesi amawapima sikelo ndi msinkhu asanasakanize. Ndipo kuti akadontha kunja kwa mtsempha amaocha mnofu.

"Ndiye ndi poizoni, monga ndinanenela."

"Ndi poizoni, amai. Munanena zoona."

Sindinafune kuwanamiza. Kemo sadziwa kuti selo iyi ndi ya khansa, iyi ndi yabwino. Amangofuna iliyonse imene ikugawikana msanga. M'thupi la munthu wamkulu maselo ambili akhala phee, koma pali malo atatu amene nchito siima: mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi m'matumbo, ndi mafuta a m'mafupa kumene magazi amapangidwa. Tsitsi, zilonda, kufooka: zonse zinali pamenepo. Dzanzi la m'zala nalo ndi vincristine, pakuti mitsempha ya ubongo imagwilitsa nchito tizingwe tomwe tija monga njanji yonyamulila katundu kucokela ku msana kukafika ku nsonga ya cala. Masiku 21 aja si aulesi wa madokotala iyai. Ndi mpata woti maselo abwino abwelele, pakuti iwo amakonzeka msanga kuposa a khansa. N'cifukwa cake asanabaye amayamba atenga magazi kuwelenga asilikali aja.

Koma funso lao lenileni linali lija loyamba: cotupa catha, ndipitilenji? Apa ndinagwilitsa nchito masamu a giledi 7. Kacotupa kakang'ono ngati nsawawa kamakhala ndi maselo pafupifupi 1 biliyoni. Mankhwala sapha ciwelengelo cokhazikika, amapha gawo. Tinene kuti ulendo umodzi wapha 99 pa 100 alionse. Pa 1 biliyoni patsala 10 miliyoni. Dzanja silingawamve, diso silingawaone, koma alipo ndipo akugawikana. Ulendo wina uwatsitse kufika 100,000, pamene ena abwelelanso pa masiku opumila aja. Ndipo amene amatsala kawili-kawili ndi aja olimba, amene aphunzila kulavula mankhwala. Ukalekela pakati, ndi amenewo adzadzaza munda.

Amai aang'ono ndi mlimi. Anakhala cete, kenako anati, "Monga kupalila kamodzi mu December n'kupacika khasu."

Sanalonjeze ciliconse tsiku limenelo. Anangondiuza kuti ndiwapatse madzi.

Ku wailesi nkhani inali yovutilapo. Abwana athu si munthu woipa. Ndi iwo amayankha mafoni a eni nyumba ndi a mafuta. Anandimvetsela mpaka kumapeto, nafunsa kuti, "Nanga jenileta tithilamo ciani, sayansi?" Tinagwilizana kuti timupemphe bambo uja pepala la ZAMRA, bungwe loyang'anila mankhwala m'dziko muno, losonyeza kuti mankhwala ake ndi ololedwa. Atabwela Lolemba analibe. Anakwiya, nati acinyamata a masiku ano tinagulidwa ndi azungu, tikunyoza nzelu za makolo. Zimenezo sizinandilase. Cimene cinandilasa ndi cimene ananena ali pa citseko: "Mukawaletsa anthu botolo langa, ya basi yopitila ku Lusaka mudzawapatsa ndinu?"

Funso limenelo likali kundivuta. Anthu sagula botolo cifukwa ca umbuli cabe. Botolo lili pa msika, limalankhula Cinyanja, silikuuza kuti ubwelenso pa 21, silifuna kuti ukhale ndi msuweni ku Mtendere. Ndikudziwa mabanja amene anamvetsa zonse zimene ndalemba apa, ndipo anasiyabe pa ulendo waciwili cifukwa mbuzi zinatha m'khola.

M'malo mwa cilengezo cija tinakonza pulogilamu ya ola limodzi, tinaitana wa zaumoyo wina kuti ayankhe mafoni. Ine ndi cangu canga ndinalakwitsa: ndinayamba ndi mau akuti kemo ndi poizoni woyezedwa, ndisanafotokoze ciliconse. Foni yoyamba inali ya mdala wina amene anati, "Mwamva nokha, avomela pa wailesi," n'kudula. Ndinatuluka thukuta. Mphindi 20 zotsatila tinathela kukonza cimene ndinaononga m'masekondi asanu, ndipo sindidziwa ngati mdala uja anali akali kumvetsela. Koma cakumapeto anaimba mtsikana wina, mau ali pansi-pansi, kufunsa ngati tsitsi limamelanso. Tinamuuza kuti inde, pakapita miyezi yocepa mankhwala atatha. Anati zikomo, amai ake ndiwo anamutuma.

Amai aang'ono anapita ulendo wacinai. Sanandiuze ine, anauza amalume kuti agulitse mbuzi ziwili. Wacisanu unacedwa ndi mlungu umodzi cifukwa asilikali a m'magazi anali ocepa, ndipo anakhala ku Mtendere akudandaula za munda wao, mvula itayamba kale. Wacisanu ndi cimodzi anamaliza Khisimasi ili pafupi. Madokotala sananene mau akuti "mwacila". Anati pakali pano sakuona kanthu, azibwela kukapimidwa miyezi itatu iliyonse. Deti lotsatila ndinalilemba ndi makala pa cipupa ca kukhichini, pakuti kalenda amaiika kutali ndi maso.

Tsitsi linamela, koma lofewa ngati la khanda ndipo loyela mbali imodzi. Bambo wa tayi uja masiku ano amaimika galimoto pa msika, cimkuza-mau cili pa denga, ndipo ndimamumva ndikamapita ku wailesi. Pa mndandanda wake anaonjezapo matenda a impso. Kaduwa kaja amai aang'ono anakazungulila ndi njelwa, ndipo mlendo aliyense wofika pakhomo amamuonetsa, amvekele, "Adokotala anga awa, koma osathyola." Dzanzi la m'zala silinatheletu. Sabata yatha ndinawapeza pa khonde ali ndi citenje cong'ambika pa miyendo, singano m'dzanja, akudikila wina adutse kuti awalowetsele ulusi.